Bandi ikusokonekera pa siteji koma zida zilibe vuto: mowa, chamba ndi mapilisi

Nkhani iyi ikumabwerabwera pafupifupi wikendi iliyonse. Bandi yayamba bwino seti yoyamba, ikafika cha m'ma 11 koloko usiku zinthu zayamba kupita padera, woyimba akukalipira wa saundi kuti monita (sipika imene woyimba amadzimvera pa siteji) sikumveka, wa ng'oma akuthamanga, wa gitala akuti chingwe chafa. Anthu amasintha zingwe, mabatire a maiki, ena mpaka kubwereka mikisa ina koma sabata yotsatira vuto lomwe lija. Nthawi zambiri chimene chasintha pakati pa 8 koloko ndi 11 koloko ndi zimene zalowa m'thupi mwa oyimbawo basi. Ndikudziwa mmene zimakhalira, malo ambiri oyimbira ndi mabala, mwini malo amapereka kireti ngati gawo la malipiro, mafanzi amatumiza mabotolo pa siteji ndipo ukakana zimaoneka ngati mwano, nde si nkhani yongoti "siyani mowa" n'kuthera pomwepo.

Chovuta chake n'choti mowa ndi chamba zimayamba kugwira mbali ya ubongo imene ikanakuuza kuti walakwitsa. Woyimbayo sakunama akamati ndayimba bwino, iye wamvadi choncho. Ndiye musakangane naye usiku womwewo, simupindula kanthu.

CHOYAMBA KUCHITA MUSANAPITE PA ZIZINDIKIRO

- Ikani foni kumbuyo pafupi ndi wa saundi, mujambule nyimbo imodzi ya seti yoyamba ndi imodzi ya seti yomaliza.
- Wa saundi ajambule chithunzi cha mikisa shoo ikamayamba, kuti muone ngati pali chimene chasunthidwa.
- Mumvetsere nonse mawa lake masana aliyense atadya, osati usiku womwewo.
- Ngati seti yoyamba ili bwino pa zida zomwezo, zisiyeni zidazo, pitani pa chizindikiro chimene chikufanana ndi chanu m'munsimu.

1. MAWU AKUSASA KAPENA KUTHA SHOO ISANATHE

Zoyambitsa, kuyambira chimene chimachitika kwambiri:

- Kukuwa osadziwa. Mowa umapha ululu wa pakhosi umene umakuchenjeza kuti wapyola muyezo, nde umangokankha mawu mpaka timinofu ta m'kholingo timene timatulutsa mawu titatupa. Onjezani apo kucheza mokuwa ndi anthu pa bureki sipika zikulira, zimenezo zimadya mawu kuposa kuyimba kwenikweniko.
- Kuuma. Mowa umakodzetsa, thupi limataya madzi, ndipo chamba chimaumitsa malovu. Madzi amene wamwa pa siteji safika pa timinofu tija nthawi yomweyo, amayenera adutse kaye m'thupi, ndiye kumwa madzi kuyambike masana.
- Chilungulira. Mowa umafooketsa pamene pamatseka pamwamba pa chifu, asidi amakwera usiku ukagona makamaka ukadya kanyenya kapena chipisi 2 koloko n'kugona pompo. Chizindikiro chake ndi kudzuka mawu ali okhuthala, kukhosomola pang'onopang'ono komanso kumva ngati pali chinthu pakhosi.
- Utsi, kaya wa fodya, chamba kapena shisha. Utsi wotentha umatupitsa kholingo ndipo manotsi apamwamba ndi amene amayamba kuthawa.

Yesani izi: m'mawa imbani motsitsa kwambiri notsi yapamwamba imene mumaifika bwinobwino. Ikamatuluka mochedwa kapena mpweya wokhawokha, kholingo latupa.

Chochita: madzi kuyambira masana, pa siteji botolo la madzi osati la mowa, pa bureki tulukani panja mukhale chete. Mawu akasasa musanong'one, kunong'ona kumatopetsanso kholingo, lankhulani pang'ono ndi mawu anu wamba. Zoti kachasu pang'ono kapena brandy "amatsegula kummero" ndi bodza limene lawonongetsa mawu a anthu ambiri, chimene umamva ndi kutentha ndi dzanzi basi, mowa sudutsa n'komwe pa timinofu ta mawu, umapita njira ya chakudya.

Lekani ndi kupita kuchipatala ngati: mawu aduka mwadzidzidzi pa notsi imodzi (kamtsempha katha kuphulika m'kholingo, musapitirize kuyimba ngakhale anthu alipira), kusasa kwapitirira masabata 3, mukulavula magazi, kumeza kukuwawa kapena pakhosi patuluka chotupa. Mowa ndi fodya zikaphatikizana zimakweza kwambiri chiopsezo cha khansa ya kholingo. Pemphani akutumizeni kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

2. WOYIMBA AKUPHONYA KIYI NDIPO AKUNGOTI "WONJEZERANI MONITA"

- Mowa. Umachepetsa kumva kwa kanthawi komanso umachedwetsa ubongo kukonza mawu akapatuka. Munthu wabwinobwino akatsika pang'ono amadzikonza asanazindikire n'komwe, woledzera amakhala pompo.
- Makutu atopa ndi phokoso. Izi zimayendera limodzi ndi mowa, chifukwa amene wamwa samva kuwawa kwa phokoso nde amaima pafupi ndi sipika usiku wonse.
- Mpweya sukukwana chifukwa m'mimba mwadzaza mowa wa gasi kapena Chibuku, manotsi aatali amagwa kumapeto.
- Monita ili ndi vuto lenileni. Zimachitika, koma ndi chomaliza pa mndandandawu.

Kuyesa kwake n'kosavuta, wina amene sanamwe akaime pamalo a woyimbayo amve monita. Ngati iye akumva bwino mpaka kufuna kutseka makutu, vuto si monita.

Wa saundi musamangokweza chifukwa mwakalipiridwa, mukakweza monita wa gitala akwezanso ampu yake, wa ng'oma amenya mwamphamvu, kenako maiki ayamba kulira ndipo aliyense aloza inu. Tsitsani zida zina m'monita mwake m'malo mokweza mawu ake. Makutu akamalira okha mpaka masiku angapo shoo itatha, kapena khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, limenelo ndi la kuchipatala msanga, lachiwirili tsiku lomwelo.

3. NYIMBO IKUTHAMANGA KAPENA IKUKOKA

- Ikuthamanga: kawirikawiri mowa wosakaniza ndi ma energy drink. Kafini amabisa kuledzera, munthu amadziona ngati ali maso koma manja ake ndi a munthu woledzera, ndipo amamwa ochuluka chifukwa tulo sitikubwera.
- Ikukoka kapena ikusinthasintha: chamba. Chimasokoneza kamvedwe ka nthawi, kamphindi kochepa kamaoneka kotalika, nde solo imene amayenera kuiyimba mabaa 8 amaikoka osadziwa kuti anzake akumudikira.
- Ikukoka ndipo maso ake ndi olemera, mawu akumata: mankhwala a chifuwa a codeine, tramadol kapena diazepam. Apa samalani kwambiri, werengani gawo lomaliza.
- Kusagona ndi njala, makamaka pa ulendo wa mashoo otsatizana, lero Mzuzu mawa Salima.

Yesani ndi metronome (kachida koyezera liwiro la nyimbo) ya pa foni, pezani liwiro la nyimbo poyambira ndi pothera pa zimene munajambula zija. Kusuntha pang'ono n'kwabwinobwino pa bandi ya layivi, koma reggae imene yayamba mofatsa n'kuthera pa liwiro la ingoma aliyense amva.

Chokonza chake ndi lamulo la bandi yonse, osati kumangoloza wa ng'oma: wa ng'oma ndi wa besi asamwe kanthu mpaka nyimbo yomaliza, chifukwa awiriwa akasokonekera palibe amene angapulumutse nyimbo. Mu 1973 Keith Moon wa bandi ya The Who anakomoka ali pa ng'oma ku Cow Palace pafupi ndi San Francisco atamwa mankhwala ogonetsa ndi brandy, mpaka anaitana mnyamata wa zaka 19 mwa oonerera kuti amalize shoo. Ameneyo anali katswiri wodziwika dziko lonse, luso silinamuteteze.

4. KUIWALA MAWU A NYIMBO, KULOWA PAMALO OLAKWIKA

- Chamba, ngati akuiwala pamene wafika m'nyimbo, kubwereza vesi imene wayimba kale. Chimagwira kukumbukira kwa zinthu zimene zangochitika kumene.
- Mowa, ngati nyimbo zakale akuzitha koma zatsopano zimene mwaphunzira sabata ino zikusowa.
- Kuchita pulakatisi mutamwa. Zimene waphunzira uli choledzera sizikhazikika bwino, ndipo mowa umawononga tulo timene ubongo umasungira zimene waphunzira masana.
- Mantha chabe, onani nambala 7.

Ngati mawa lake sakukumbukira n'komwe kuti anayimba seti yomaliza, chimenecho si choseketsa, mowa unafika poletsa ubongo kusunga chilichonse. Zikachitika kangapo akufunika thandizo la akatswiri.

Chiwindi chimachotsa mowa pa liwiro lake, botolo limodzi la 330ml la mowa wa 5% limatenga pafupifupi ola ndi theka, ndiye mabotolo 5 ndi maola cha m'ma 8. Khofi, kusamba madzi ozizira, kudya nsima yambiri kapena kusanza sizifulumizitsa kanthu. Amene wayamba kumwa 4 koloko pa saundi cheki akafika pa siteji 9 koloko mowa udakali m'magazi.

5. MANJA AKUNJENJEMERA, ZALA ZACHITA DZANZI

Ili ndi gawo limene ndikufuna muliwerenge mofatsa chifukwa anthu amalakwitsa m'njira ziwiri zosiyana ndipo zonse n'zoopsa.

- Matsire, njala ndi kafini wambiri. Zimatha ukadya, kumwa madzi ndi kugona.
- Mantha a pa siteji. Kumayamba shoo ikayandikira, kumatha nyimbo ziwiri zikadutsa.
- Thupi lazolowera mowa. Chizindikiro chake: kunjenjemera m'mawa, thukuta, nseru, mtima kuthamanga, ndipo zonse zimasiya akamwa botolo limodzi. Izi zimayamba maola 6 mpaka 24 kuchokera pamene anamwa komaliza. Wa gitala akati "ndimwe kamodzi kuti manja akhazikike" ndipo akhazikikadi, mowawo sukumuthandiza kuyimba, ukungoziziritsa vuto limene waliyambitsa wokha.
- Dzanja lalobodoka pamkono, silikutha kudzuka. Zimachitika munthu akagona choledzera atatsamira mkono pa mpando kapena ataugonera usiku wonse, mtsempha umapanikizika. Nthawi zambiri zimachira koma zimatha kutenga masabata kapena miyezi, kwa wa kiyibodi imeneyo ndi ntchito yaima.
- Dzanzi ndi kutentha kumapazi kenako ku zala, kumene kukukula pang'onopang'ono. Mowa wa zaka zambiri umawononga mitsempha, makamaka munthu akamadya mosakwanira n'kusowa vitamini B1. Shuga amachitanso zomwezi nde kayezetseni.

CHENJEZO: munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse ASASIYE mwadzidzidzi payekha. Anzake okonda amatha kumutsekera m'nyumba kuti asamwe shoo yaikulu isanafike, kapena kupita naye kuphiri kukasala kudya, cholinga chabwino koma zitha kumupha. Pakati pa maola 12 ndi 48 atha kugwa ngati wa khunyu, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu atha kuyamba kuona zinthu zimene palibe, kusokonezeka mutu, thupi kutentha. Kusiya kotere kumafuna mankhwala ndi kuyang'aniridwa kuchipatala. Mapemphero apitirire, koma iye ali m'manja mwa a chipatala.

6. NYIMBO INALI MOTO USIKU MU SITUDIYO, M'MAWA NDI ZINYALALA. KAPENA "SINDINGAPEKE NDISANASUTE"

Apa ndi pamene pamakhala mkangano waukulu, ndipo sindikufuna kunama kuti palibe chimene anthu amamva. Chilipo. Mowa pang'ono umachotsa manyazi, kamawu kaja kamene kamati "izi anthu aseka" kamakhala chete, ndipo chamba chimapangitsa kuti saundi imveke yakuya, besi ngati ikuyenda m'thupi. Funso n'loti kodi nyimboyo yasintha kapena wasintha ndi womvera?

- Chofala kwambiri: chasintha ndi kamvedwe kanu. Ku Leiden University ku Netherlands mu 2015 anayesa anthu osuta chamba nthawi zonse, amene anapatsidwa mlingo wochepa wa THC (chimene chimaledzeretsa m'chamba) sanapose anzawo amene sanapatsidwe pa kubweretsa maganizo atsopano, ndipo amene anapatsidwa wambiri anachita moipirapo.
- Chachiwiri: chizolowezi. Ngati kwa zaka zambiri mwakhala mukupeka mutasuta, ubongo walumikiza ziwirizo, mukakhala pansi popanda fodya wamkulu mumasowa mtendere ndipo mumaganiza kuti luso lathawa. Amene wangosiya chamba amavutika tulo, amapsa mtima msanga, chakudya sichikoma, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina kupitirirapo. Nthawi imeneyo si yoyezera luso lanu.
- Chachitatu: mukudziweruza msanga. Mukulemba mzere umodzi n'kuufufuta pompo, nde mukufuna chinthu choletsa kudziweruzako.
- Chachinayi: kukhumudwa kwa m'maganizo kumene kwachotsa chidwi pa chilichonse, nyimbo ndi mbali imodzi chabe. Ichi n'cha aphungu ndi madokotala.

Chochita: gawani ntchito pawiri. Tsiku lopeka jambulani pa foni chilichonse chobwera kwa mphindi 20 osaima, osafufuta, ngakhale zopanda tanthauzo. Kusankha ndi kukonza mudzachite tsiku lina. Anthu ambiri zimawayendera m'mamawa atangodzuka kapena akuyenda pansi. Mapulodyusa, musamikise mutamwa, makutu akagontha pang'ono mumakweza zinthu zimene sizimafunika ndipo mawa mubwereza ntchito yonse, kasitomala walipira maola a situdiyo pachabe.

Ndipo nkhani yoti "akatswiri onse ankasuta" ija tiyeni tiimalize. Charlie Parker, katswiri wa saxophone wa jazz, achinyamata ambiri anayamba heroin pofuna kuyimba ngati iye. Koma iye mwini ananena kuti ali mnyamata ankachita pulakatisi maola 11 mpaka 15 pa tsiku, luso linachokera kumeneko. Mu July 1946 ku Los Angeles anajambula ali choledzera kwambiri mpaka kuchita kumugwirira kuti aime pa maiki, kenako anakhala miyezi 6 m'chipatala cha matenda a maganizo cha Camarillo. Anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34, dokotala amene anaona thupi lake anayesa ndi munthu wa zaka za m'ma 50. Pomwe Hugh Masekela, woyimba lipenga wa ku South Africa, anapita kukalandira thandizo ku England mu 1997 atalimbana ndi mowa ndi cocaine kwa zaka zambiri, anabwerako n'kuyambitsa bungwe lothandiza oyimba anzake a vuto lomweli, ndipo anapitiriza kujambula ndi kuyimba m'maiko ambiri mpaka chakumapeto kwa moyo wake mu 2018. Lipenga silinamuthawe atasiya.

7. SINDINGAKWERE SITEJI NDISANAMWEKO

- Mantha wamba a pa siteji, amene pafupifupi woyimba aliyense ali nawo. Vuto la kuwachiza ndi mowa n'loti botolo limodzi la chaka chino chaka chamawa ndi atatu, ndipo simuphunzira kuti mantha amatha okha.
- Kusakonzeka, nyimbo simunaidziwe bwino.
- Chamba chenichenicho, kwa ena chimabweretsa mantha, mtima kugunda ndi kuganiza kuti aliyense akukunena.
- Matenda a nkhawa amene alipo ngakhale kunja kwa siteji.

Yambani ndi nyimbo imene mungaiyimbe ngakhale mutadzutsidwa pakati pa usiku, pumani mokoka mpweya n'kuutulutsa pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuseri, idyani maola awiri kapena atatu shoo isanayambe. Yesani kaye popanda mowa pa malo aang'ono, ukwati wa masana kapena pulakatisi yoitanira anzanu ochepa. Za mabotolo a mafanzi, landirani, thokozani pa maiki, ikani pambali, palibe amene amalondola ngati mwamwa. A manijala kambiranani ndi mwini malo kuti kireti ija isanduke ndalama kapena chakudya.

Pali mapilisi otchedwa propranolol amene oyimba ena amamwa kuti mtima usathamange, musagawane m'bandi, kwa munthu wa mphumu ndi oopsa, akhale olembedwa ndi dokotala amene wakuyezani.

IMITSANI SHOO, PITANI KUCHIPATALA POMPANO

- Sakudzuka ngakhale mumutsine, akupuma pang'onopang'ono (kuchepera ka 8 pa mphindi) kapena modukiza, milomo yasintha mtundu, thupi lazizira. Mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, musamusiye yekha m'galimoto kuti "agone uthe", musamuthire madzi kapena kumumwetsa chilichonse. John Bonham wa Led Zeppelin anafa chonchi mu 1980, anamugoneka atamwa vodka wambiri ndipo anatsamwa ndi masanzi.
- Wasakaniza mowa ndi codeine, tramadol kapena diazepam. Zonsezi zimachepetsa kupuma, zikakumana zimatha kukuimitsiratu. Tramadol amagwetsanso ngati khunyu. Tengani botolo kapena pepala la mapilisiwo mukawaonetse a chipatala, musabise poopa manyazi.
- Wagwa n'kumaphupha, kapena wamenyetsa mutu ali choledzera kenako akusanza kapena kusinza kwambiri.
- Maso akuona mwachimbuuzi, mutu ndi m'mimba zikuwawa kwambiri patapita maola 12 mpaka 24 atamwa kachasu kapena mowa wosadziwika kochokera. Itha kukhala methanol, poizoni wopezeka mu mowa wina wotere, imachititsa khungu ndi kupha. Mukukumbuka anthu amene anamwalira ku Blantyre mu 2024 atamwa mowa umene unkatchedwa ambuye n'tengeni.
- Anasiya kwa kanthawi ndipo wayambiranso ndi mlingo wake wakale. Amy Winehouse anamwalira mu July 2011 ali ndi zaka 27 atayambiranso kumwa patapita masabata osamwa, mowa m'magazi mwake unaposa kasanu mlingo wololedwa kwa woyendetsa galimoto ku Britain.
- Akumva mawu amene ena sakuwamva, akuti anzake a m'bandi akufuna kumupha, sakugona masiku angapo. Chamba chimatha kuyambitsa izi makamaka kwa amene anayamba ali wamng'ono kapena kubanja kwawo kuli matenda a maganizo. Musamumange kapena kumumenya, mulankhuleni mofatsa, pitani naye anthu awiri kapena atatu amene amawakhulupirira.
- Wanena zodzipha, ngakhale mongodutsa kapena m'mawu a nyimbo yatsopano. Mufunseni mwachindunji, ndipo asakhale yekha usiku umenewo.

Koyambira ndi chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, funsani wa zamaganizo, iwo amatumiza ku Zomba Mental Hospital zikafunika. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi thandizo la anthu amene akufuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo safuna kuti udikire mpaka zifike poipa. Za chamba kumbukiraninso kuti lamulo la 2020 linaloleza cholima ndi chilolezo cha mankhwala ndi mafakitale chokha, kupezeka nacho m'thumba la gitala pa rodibuloko ukadali mlandu.

Pokamba naye mnzanu amene ali ndi vutoli sankhani tsiku limene kulibe shoo, masana, anthu awiri osati bandi yonse. Mumuyikire zimene munajambula zija amve yekha, kenako mumuuze tsiku limene mungamuperekeze kuchipatala komanso kuti malo ake m'bandi mumusungira mpaka abwere.